Odi wa ku Thessaloniki

Pasiteji ya basi ku Downtown Indianapolis, mayi wovala yunifolomu ya unesi anamva bambo wina akunena pafoni kuti akupita ku Thessaloniki, mzinda wa ku Greece.

"Pepani bambo, mukakafika ku Thessaloniki musakafune chakudya dzuwa likadalipo ngati kuno. Kumeneko amadya mochedwa."

"Inu munapitako, mayi? Munatani?"

"Tinapeza lesitilanti yotseka, ana akulira ndi njala. Amuna anga amvekere tibwerere kuhotela. Ine ndinazungulira kukhomo la khitchini n'kuwomba m'manja: 'Odi! Odi kuno!'"

"Kwa Agiriki? Sanakuthamangitseni?"

"Kuthamangitsa ndani? Mwiniwake anatuluka akuseka, n'kutikhazika patebulo la banja lake, nsomba zootcha zili mbwee!"

"Nanga amuna anu aja?"

"Anadya mpaka kumasula lamba. Mawa lake woodira anali iwowo!"