Galimoto ya malemu inkagogoda m'mawa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli. Ine ndine amake Tamara, ndimakhala ku Matero kuno ku Lusaka, kumene agogo anga anafikira pochokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Ndikufuna ndikuuzeni za nyengo imene ndinatchedwa mfiti yopha mwamuna, ndi mmene Mulungu anandilanditsira anthu atagwira kale miyala m'manja.

Amuna anga anamwalira mwadzidzidzi nyengo yozizira ikuyamba. Anagwa akusamba, ndipo pofika kuchipatala anali atatisiya. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, koma maliro asanathe ndinali nditayamba kale kumva manong'onong'o kuseri kwa tenti. Ankafunsana kuti munthu wamphamvu chonchija angangogwa bwanji, mkazi ali m'nyumba momwemo.

Malemu anasiya nyumba, mwana wathu Tamara, ndi galimoto yakuda ya ku Ulaya imene anagula kwa bwana wawo wakale. Injini yake inali ndi chipangizo chotchedwa supachaja, chimene chimakankhira mpweya wambiri m'kati kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zoposa. Izi ndazidziwa pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti amuna anga ankapita okha kumasitolo a ku Kamwala kukagula oyilo, ndipo sankalola munthu wina kuyigwira injiniyo.

Maliro atatha, mlamu wanga Dickson, mng'ono wa malemu, anatenga makiyi. Anati aziyiyendetsa kuti isawonongeke ndi kukhalitsa. Sindinatsutse chifukwa ndinalibe mphamvu zokangana. Kwawo ku komboni ya George kulibe mpanda, choncho galimoto inkagona pabwalo pathu, iye n'kumabwera m'mawa kudzaitenga.

M'mawa wina kukuzizira kwambiri, analiza injini ndipo tinamva kugogoda. Kunkachokera m'kati, go, go, go, ngati munthu wotsekeredwa m'bokosi akumenya thabwa. Kanyale kofiira kanaphethira patsogolo pa chiwongolero n'kuzima. Dickson ataponda mafuta mwamphamvu, panamveka kulira kopyapyala ngati kwa mayi wolira maliro chapatali. Anatuluka nkhope itasintha, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Patapita kanthawi kugogoda kunaleka kokha, ndipo masana onse galimoto inayenda bwinobwino.

Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi, mkucha wakenso. M'komboni nkhani sigona. Posakhalitsa anthu anayamba kumaima kumpanda kwathu m'mawa uliwonse, atafunda zitenje ndi mabulangete, kudikira kuti amve malemu akugogoda. Ankati umboni ndi woti dzuwa likakwera phokoso limatha, chifukwa mizimu imaopa kuwala.

Dickson anabweretsa munthu wina wa ku Kanyama amene ankadzitcha mneneri. Mneneriyo anazungulira galimoto akuwaza madzi, n'kuika khutu pa boneti, chitsulo chovindikira injini. Kenako anaweramuka n'kunena pamaso pa onse kuti wakufayo sanagone, akugogoda kuti munthu wa m'nyumba momwemo aulule chimene anachita. Dzina langa sanalitchule, koma m'nyumbamo wamkulu ndinalimo ndine ndekha.

Abale anga, kuyambira tsiku limenelo dziko linandida. Tomato wanga ankawolera pa thebulo langa la malonda chifukwa anthu anasiya kugula. Tamara anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atakana kukhala naye pa desiki. Masana ena mwala unagwera pa malata, kenako wina unaswa zenera la kuchipinda. Ngakhale azimayi ena a kumpingo anayamba kundipatsa moni ali patali. Ine ndinaonapo ndi maso anga zimene gulu limachita ndi nyumba ya munthu amene lamutcha mfiti, ndipo ndinkadziwa kuti zimayamba chonchi. Choopsa kwambiri n'choti nanenso kugogodako kunkandiopsa. Ndikakumva ndinkanjenjemera, ndipo anthu ankati taonani, chikumbumtima chikumudya.

Achibale a malemu anagwirizana kuti Lamlungu adzakhala pansi, ndipo ine ndidzaulule kapena ndichoke panyumba. Loweruka masana ndinatseka chitseko, ndinagwada pafupi ndi mbaula yozima. Mawu ambiri ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, Inu munalipo tsiku limene amuna anga anagwa, ndipo mukudziwa manja anga. Ngati simundiyankhira, palibe wina wondiyankhira.

Ndisanadzuke ndinamva geti ikutsegulidwa. Ndinasuzumira pazenera. Anali amake Dalitso, mkazi woyamba wa amuna anga, amene anabereka nawo mwana, Dalitsoyo. Ukwati wawo unatha kalekale ine ndisanadziwane ndi malemu, koma ine ndi iwo tinali tisanapatsanepo moni, ndipo pamaliro tinakhala motalikirana. Ali ndi galaja yawo ku Chawama imene anasiyiridwa ndi bambo awo. Ndinaganiza kuti abwera kudzawonjezera nkhuni pamoto.

Anandipatsa moni mwachidule n'kupita kumene kunali Dickson, amene anali atangofika kumene ndi galimoto. Anamuuza kuti atsegule boneti. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupaka oyiloyo pakati pa zala zawo.

"Ba Dickson, motoka iyi munathiramo oyilo wa bwanji?" anafunsa.

Dickson anati maliro atangotha anasintha oyilo, anagula wa mu mgolo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. "Ni wamene tithira mu minibasi, 20W-50. Dziko lathu ni lotentha, motoka ifuna oyilo wolemera."

Amake Dalitso anapukuta chivindikiro cha pothirira oyilo n'kumuonetsa nambala imene inalembedwa pamenepo, 5W-40. Anthu anali atayamba kale kudzaza kumpanda, choncho analankhula mokweza kuti onse amve. Anati nambala yoyambayo imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti amathamanga msanga kukafika paliponse. Yachiwiriyo imanena mmene amalimbira injini ikatentha. Injini ya supachaja imatentha kwambiri ndipo njira zake za oyilo n'zing'onozing'ono, choncho imafuna oyilo wopepuka m'mawa koma wosasungunuka ngati madzi masana. Oyilo wolemera uja m'mawa wa chisanu amakhala ngati uchi, amachedwa kukwera, ndipo zitsulo zimagundana zouma mpaka atenthe. Za kulira kuja anati ndi mawu a supachaja, imalira choncho ukaponda mafuta mwankhanza, kungoti mwini wake sankachita zimenezo injini isanatenthe.

Ena anang'ung'udza. Dickson anati akazi awiri a malemu agwirizana kuti abise nkhani. Pamapeto pake anavomera kuti oyilo asinthidwe, koma anaika lamulo lake. "Ikagogoda mawa, ba mulamu muchoke pano."

Amake Dalitso anagona pansi pa galimoto pa katoni n'kumasula chotsekera oyilo. Oyilo amene anatuluka anali wakuda, wolemera, wokhala ndi zibuma. Anamuunika padzuwa nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo sinandilimbitse mtima. Anasintha sefa ya oyilo, n'kuthira oyilo woyenera amene anabwera naye. Posamba m'manja kuseri kwa nyumba anandiuza motsitsa mawu kuti sakundilonjeza kanthu. Ngati zitsulo zadyana kale m'kati, phokoso silitha ngakhale oyilo akhale wabwino bwanji, ndipo anthu awa sadzafuna kumva chifukwa chake. Anandilangiza kuti ndimutumize Tamara kwa mchemwali wanga ku Mtendere tsiku lomwelo. Ndinatero.

Ndinawafunsa chifukwa chimene abwerera. Anayankha akupukuta zala. "Dalitso ananiuza vamene vichitika. Na ine ukwati utatha ananikamba vambiri, ndipo palibe anabwera."

Lamlungu kunacha ndi chisanu choluma kuposa masiku onse. Msewu wathu unadzaza. Achibale a malemu anakhala pa mipando pabwalo, azakhali awo aakulu ali pakati. Kunja kwa mpanda kunali anyamata amene sindinkawadziwa, ena atabisa manja kumbuyo. Ine ndinaima pakhomo nditavala zakuda zanga, chikwama cha zovala nditachiika kale kuseri kwa chitseko. Amake Dalitso anabwera n'kuima pambali panga, phewa lawo likugunda langa. Anauza Dickson kuti alize yekha, koma asaponde mafuta.

Dickson anapotokola kiyi. Injini inalira, ndipo panamveka kugogoda pang'ono. Kumpanda wina anati, "Mwamva." Ndinatseka maso n'kutchula dzina la Yesu. Nditatsegula, kugogoda kunali kutatha. Injini inkangopuma mofatsa, kanyale kofiira kosayaka. Tinadikira. Dickson anazimitsa n'kulizanso, ndipo ulendo uno panalibe ngakhale kaphokoso. Kenako ndinamva miyala ikugwera pansi kunja kwa mpanda, ndipo anthu anayamba kuchoka osayang'anana.

Dickson sanapepese. Anasiya makiyi pa boneti n'kutuluka wapansi. Mneneri uja sanaonekenso ku Matero. Azakhali aja ananditembenukira n'kunena kuti, "Apongozi, kwazizira. Tipangireni tiyi." Ndinalowa m'nyumba, ndinayatsa mbaula misozi ikugwera pa makala, ndipo onse anamwa tiyi wa m'manja mwanga.

Sindinganame kuti zonse zinabwerera mwakale. Alipo ena mpaka lero amene amawoloka msewu akandiona. Koma ndili m'nyumba mwanga, Tamara ali pasukulu, ndipo amake Dalitso tsopano ndimawatcha achemwali. Galimoto amaiyang'anira ndi iwo mpaka Dalitso ndi Tamara adzagwirizane chochita nayo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakwana mawu, natuma munthu amene ine sindikanamuitana. Inu amene muli ndi magalimoto, werengani nambala ya oyilo musanathire, musamangotsatira za mnzanu, chifukwa injini sizifanana. Ndipo inu amene mukunamiziridwa lero, amene mulibe yankho ndipo anthu akuyesa kukhala chete kwanu ngati kuvomera mlandu, musachoke pa maondo. Mboni yanu ilipo, ndipo idziwa njira yofikira pakhomo panu. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.