Ndinagwadira mwana wa zaka zinayi

Aulutsi, zimene ndalembazi n'zoona zokhazokha. Ndikanama, fodya wanga awole m'chigafa.

Mwana wanga wa zaka zinayi sankalankhula, ndipo sankayang'ana munthu m'maso. Ine ndinkanyadira kuti Dowa yense mulibe mwana waulemu ngati ameneyu.

Tsiku lina kuchipatala kunabwera anthu a kafukufuku oyeza ana, ndipo ine ndi mkazi wanga tinapita naye. Anesi anafunsa, "Bambo, mwanayu amakuyang'anani m'maso?"

"Ayerekeze! Pakhomo panga pali mwambo."

Mkazi wanga ananditsina, chipsera chilipobe mpaka lero. Atamuyeza mwanayo kangapo, madokotala anati ali ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa otizimu, si ulemu ayi. Anandilangiza kuti ndizitsika kufanana naye msinkhu n'kumasewera zimene iye amakonda.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkagwada pamaso pake, iye akundandalika zitsononkho pakhonde. Mudzi wonse unkabwera kudzaonerera, ndi mbuzi zomwe. Apongozi anati, "Akamwini, ine simunandigwadirepo chonchi."

Patatha miyezi isanu, mawondo atasanduka chikopa cha ng'ombe, ndinasuntha chitsononkho chimodzi mwangozi. Mwanayo analankhula koyamba chibadwire: "Chokani!"

Omvera anzanga, ndinalira, ndinapha tambala, ndipo ndinachokadi.