Pawindo la Labu ya Kemisitiri

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga, makamaka inu amene mtima sukukhala pansi masiku ano. Dzina langa ndine Tiyese, ndinakulira mu komboni ya Chawama, muno mu Lusaka. Umboni wanga si wa ngozi ya pamsewu kapena wa ufiti, ndi wa malo amodzi mu labu ya kemisitiri. Ena aona ngati nkhani yaing'ono, koma malowo anatsala pang'ono kundichotsa m'sukulu mpaka kalekale.

Zinali zaka zija makampani a boma ankatsekedwa motsatizana, mitengo ya zinthu ikukwera ngati yapenga. Batate anachotsedwa ntchito ku fakitale kumene anakalambira, ndipo bamai anayamba kugulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika kuti tizidya. M'kati mwa mavutowo ine ndinasankhidwa kupita ku koleji kukaphunzira zopereka mankhwala m'chipatala. Chaka choyamba aliyense ankayenera kuchita kemisitiri, ya m'kalasi ndi ya mu labu. Wopanda labu sankaloledwa kulemba mayeso.

Sabata yolembetsa, batate anagwa pakhomo, mbali imodzi ya thupi n'kuuma. Ndinakhala nawo kuchipatala chifukwa bamai sakanasiya msika. Pamene ndinkafika ku koleji, m'kalasi anandilandira, koma mu labu munali mutadzaza. Kale magulu a labu anali ambiri. Koma chaka chimenecho anachepa chifukwa koleji inalephera kugula mankhwala ndi magalasi oyesera okwanira, ndipo aphunzitsi ena anali atapita kunja kukafuna malipiro abwino.

Ndinapita kwa ba Sakala, mphunzitsi amene ankayang'anira labu. Sanandikalipire. Anali munthu wotopa chabe. Anati, "Mwana wanga, malo yanasila. Nikakuika pa benchi, ndiye kuti nichosepo wina. Ubwere chaka cha mawa."

Chaka cha mawa! Kunyumba nkhaniyi inafika kwa bamalume a ku Matero, amene ankatithandiza kuyambira pamene batate anadwala. Iwo anati mtsikana sangakhale chaka chonse mu komboni manja ali lende. Anandipezera malo m'sitolo ya mnzawo ku Kamwala, ndipo anawonjezera kuti mwini sitoloyo ali ndi mng'ono wake amene akufuna mkazi. Ndinkawadziwa atsikana amene anapita kumasitolo amenewo kuti akangodikirako. Palibe amene anabwerera kusukulu.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasowa pokhala. Ndikakhala pampando, miyendo inkandiyabwa. Ndinkasesa pamene ndasesa kale, kuchapa zovala zoyera, kupita kumpopi madzi ali tho m'nyumba. M'kalasi mphunzitsi akamalankhula, ine maganizo ali ku Kamwala. Ku tchalitchi anzanga akamaimba, ndinkatuluka kuzungulira panja n'kubwereranso, osadziwa chimene ndatulukira.

Ngakhale pemphero linandivuta. Ndikati, "Ambuye, ndipatseni malo," mtima unkandifunsa kuti malo a ndani? Mabenchi anali omwewo, anthu ali odzaza. Kuti ine ndilowe, wina ankayenera kudwala, kuferedwa kapena kulephera kulipira. Kodi ndipemphere tsoka la mwana wa munthu wina, pamene ndikudziwa kuwawa kwake? Ndinafika poopa pemphero langa lomwe. Potsiriza ndinangoti, "Atate, sindikudziwa chopempha. Inu mukuona."

Popeza kukhala pansi kunandikanika, masiku a labu miyendo inkanditengera komweko. Ndinkaima panja, pawindo la kumbali, dzuwa likundiwotcha kumsana. Ndinkaona anzanga atavala makhoti oyera, akuyatsa timalawi tobiriwira, akudonthetsera madzi oyera m'galasi mpaka asanduke ofiirira. Fungo loyabwa m'mphuno linkatulukira pawindopo. Ena ankandilozerana n'kumaseka. Ndinkachita manyazi, ndinkachoka, koma ndikafika pageti ndinkatembenuka. Bamalume nawo sanasiye kutumiza mawu kuti mwini sitolo sadikira mpaka kalekale.

Tsiku lina labu ili m'kati, mayi wina wa m'gululo anavula khoti lake, natuluka, nabwera molunjika pamene ndinaima. Anali wamkulu kuposa tonsefe, wokwatiwa, wochokera ku Kitwe. Ndinkangomva anthu akuwaitana ba Chileshe, sitinalankhulanepo. Ndinaganiza kuti abwera kudzandithamangitsa.

"Iwe mwana, uima apa masiku yonse. Ufuna chani?"

Ndinayamba kufotokoza bwinobwino, koma nditafika pa za batate ndinangolira. Iwo anandigwira dzanja, ndipo ndinadabwa kuona akumwetulira. Anandiuza kuti akhala m'banja zaka zambiri opanda mwana, achibale a amuna awo akuwanyoza. Tsopano anali oyembekezera. Dokotala anawaletsa kukhala pafupi ndi utsi wa mankhwala, ndipo koleji inali itavomera kuti apumule, adzapitirize akabereka. Limenelo linali tsiku lawo lomaliza.

Anati, "Ine nichoka na chimwemwe. Manje tiye, tikaone ba Sakala."

Abale, pamenepo m'pamene ndinazindikira. Chimene ndinkaopa kupempha, Mulungu anachichita popanda maliro, popanda misozi ya munthu. Malo anga anatseguka chifukwa pemphero la mayi wina linayankhidwa.

Ba Sakala anamvetsera, nandiyang'ana nthawi yaitali. Anati tinalipo angapo amene tinasowa malo, koma atafufuza anapeza kuti enawo anasinthira ku maphunziro ena. "Koma iwe nikuziba. Ndiwe unitsekera kuwala pawindo. Ngena, uleke kuima pa zuba." Ba Chileshe anandiveka khoti lawo pomwepo. Linali lalikulu, ndinapinda manja ake, ndipo ndinapita pa benchi.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Ndinali m'mbuyo kwambiri, ndipo ndinavutika kuti ndiwapeze anzanga. Bamalume anakwiya, kwa nthawi anasiya kubwera kwathu. Batate sanayendenso mpaka Ambuye anawatenga. Koma mayeso ndinalemba, ndinakhoza, ndipo lero ndimapereka mankhwala pa kiliniki ina muno mu Lusaka. Ba Chileshe anabereka mwana wamkazi, anabwerera, namaliza maphunziro awo. Mwanayo amandiitana kuti bamai ang'ono.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanasowe njira pamene ine ndinasowa mawu. Ndikuthokozanso mayi uja, amene akanatha kungotuluka pakhomo n'kumapita kwawo. Inu amene mwauzidwa kuti malo atha, kaya kusukulu kaya kuntchito, sindikuuzani kuti mtima ukhale phee, pakuti wanga sunakhalepo. Pitani nawo kwa Ambuye momwe uliri, wosokonezeka choncho. Musafunire mnzanu choipa, ndipo musafulumire kuvomera chimene mukudziwa kuti chidzakukwirirani. Pirirani pang'ono. Mulungu wathu ali nazo zokwanira inu ndi mnzanu yemwe. Ameni.