Tsiku Limene Ndinayeza Atsibweni Ali M'tulo

Chaka chimene yadi, paundi ndi galoni anachotsedwa ntchito m'masukulu, ine ndinali kamnyamata ka giredi faifi, mapazi ong'aluka, kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo. Iwe Tamala, tepi yoyezera wabwera kudzabwerekayo ndikupatsa, usadandaule, koma uyambe wakhala pa benchipo, pakuti homuweki yakoyo, yoti ukayeze kutalika kwa anthu a m'nyumba mwanu, ine inatsala pang'ono kundithetsera sukulu. Nawenso Mabvuto siya kaye kupala thabwalo, ukulimaliza ngati chiswe, bwera umve.

Masiku amenewo kwathu kumudzi, kuseri kwa Mkaika, miyezo inalipo ndithu, musatiyese mbuli. Nsalu tinkayeza ndi mkono, munda ndi mapazi, mchere ndi kambale, chimanga ndi tini, ndipo mowa tinkauyeza ndi mayendedwe a munthu pobwerera kwawo. Koma mikono imasiyana, ndipo sindidziwa chifukwa chake wogulitsa nsalu aliyense ankabadwa ndi mkono waufupi. Ndiye kunabwera aphunzitsi a sayansi, a Sakala, munthu wowonda wa njinga yopanda mabuleki, n'kutiuza kuti dziko lonse lagwirizana pa mkono umodzi wotchedwa mita, mwala umodzi wotchedwa kilogalamu, ndi botolo limodzi lotchedwa lita. Tinawomba m'manja, ngakhale palibe anadziwa kuti msonkhanowo unachitikira m'mudzi wa yani.

Inu lero aliyense ali ndi rula m'chikwama, ena mpaka foni imawayezera, koma ife sukulu yonse inali ndi rula imodzi yokha ya mita, ndipo a Sakala ankaisamala ngati mwana woyamba. Choncho anatitumiza kudambo kukadula mabango owongoka, aliyense lake, tinawalinganiza ndi rula ija, n'kulemba timizere ndi mpeni pa masentimita khumi aliwonse. Pomaliza anati, "Pitani nawo kunyumba mabangowa, mukayeze kutalika kwa munthu wamkulu mmodzi. Sabata yamawa tiyamba za kulemera, kenako za malita." A Sakala anakulira m'tauni kumigodi, ndipo panali kanthu kena kokhudza bango komwe buku lawo silinalembe.

Ine ndinkakhala kwa atsibweni anga a Gidiyoni, alongo awo a amayi, ndipo monga mudziwa, kwathu kuno mawu a atsibweni pa mwana ndiwo omaliza. Anali munthu wosakonda mafunso, koma tulo ta masana sankaphonya. Ndinawapeza atagona chagada pamphasa, pansi pa mtengo wa mango, manja pachifuwa, chipewa kumaso, atawongoka ngati thabwa wagwiralo Mabvuto. Ndinati mumtima, akadzuka sangalole, ndipo akaimirira mutu wawo sindingaufikire, koma apa Mulungu wandigonekera yekha. Ndinafika monyang'ama, n'kugoneka bango m'mbali mwawo kuyambira kuchidendene, linathera cha pamchombo, ndipo ndinalisuntha n'kuwerenga timizere mpaka paliwombo: mita imodzi ndi masentimita sikisite. Ndinayambanso kachiwiri, pakuti a Sakala anati wasayansi sayeza kamodzi.

Tsono mvetsani, inu a masiku ano amene mabokosi mumagula opangiratu m'mbali mwa msewu. Kale munthu ankayezedwa ndi bango kamodzi kokha, ndipo mwiniwake sankamva, chifukwa ankakhala atatisiya. Amuna okumba manda ndiwo ankalowa m'nyumba ya maliro ndi bango, n'kuyeza mtembo, n'kupita nalo kumanda kuti dzenje lisachepe. Ine zimenezi sindinkazidziwa, pakuti ana sitinkaloledwa kumaliro.

Pa kuyeza kwachiwiri kuja ndi pamene akazi a atsibweni, a Nabanda, anatulukira kuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu. Anangoona amuna awo ali chagada, manja pachifuwa, bango m'mbali. Ndowa pansi phii!

"Mayo ine! A Gidiyoni andisiya! Andilimire thonje ndani ine!"

Mudzi wonse unathamangira kwathu, amayi ena atayamba kale kulira asanadziwe womulira. Atsibweni anadzidzimuka ndi phokosolo n'kukhala tsonga, ndipo amene anali atafika pafupi anathawa liwiro loposa limene anabwera nalo. Mkulu wina woyendera ndodo anaisiya pomwepo ndodoyo, anadzaitola mawa lake.

"Wamwalira ndani?" atsibweni anafunsa.

"Inuyo," anatero a Nabanda, ali kuseri kwa nkhokwe.

Pamenepo maso a atsibweni anagwera pa bango, kenako pa ine. "Iwe Yohane, wakutuma ndani?"

"Aphunzitsi."

"Akuti ndifa liti?"

"Sananene, atsibweni. Angoti sabata yamawa tiyeza kulemera, kenako malita."

"Ehee! Lero mwandiyeza kutalika, mawa mundipachika pasikelo ngati thonje, mkuja mundithira m'botolo! Sukulu yatha pompano. Kuyambira mawa uli kumbuyo kwa ng'ombe."

Bango lija anandilanda, n'kulisomeka kudenga la nyumba yawo kumene dzanja langa silikanafika.

Mukuseka, koma ine ndinalira, ana inu. Sukulu ndinkaikonda kwabasi, ndipo palibe chowawa ngati kumva chitsulo cha sukulu chikulira iwe uli kudambo, ukukangana ndi ng'ombe yosamva. Anzanga ankadutsa ndi mabotolo okayezera malita, ine n'kubisala m'tchire kuti asandione.

A Sakala ataona malo anga ali opanda munthu, anabwera ndi njinga yawo ija, n'kuimitsa ndi nsapato pakhomo pathu. Anapepesa, anafotokoza za mita mpaka malovu anauma, koma atsibweni anangoti, "Aphunzitsi, amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kanuka kayambira pakhosi panga."

Pamenepo a Sakala anavula nsapato n'kugona chagada pamphasa yomwe ija, manja pachifuwa. "Yohane, tenga rula panjingapo undiyeze."

"Iyayi," anatero atsibweni. "Ndi bango lomwelo."

Analitsitsa okha kudenga. Ndinawayeza aphunzitsi anga, anthu ataima patali, a Nabanda atatseka kumaso ndi chitenje, ndipo a Sakala atadzuka anati, "Atate, ndikafa, mwanayu aziweta ng'ombe. Koma ndikakhala ndi moyo, abwerere kusukulu."

"Tidikire mwezi watsopano uoneke," anayankha atsibweni, n'kubweza bango kudenga.

Kuyambira pamenepo a Sakala ankazungulirira kwathu tsiku lililonse poweruka, akuliza belu la njinga, kuti atsibweni awaone kuti akadali amoyo. Zinkayenda bwino mpaka mphepo ya Juni inawagwetsera chimfine. Ha! Mudzi wonse unayamba kunong'ona, a Nabanda n'kumangopukusa mutu, amvekere, "Zayambika." Koma munthu uja sanajombe. Ankafika atafunda bulangeti, maso ali psuu, akukankha njinga, n'kuima pakhomo akutsokomola ngati tharakitala yakale: "Ndili bwino, atate, ndili bwino kwambiri!" Ine mandimu onse a m'mudzi ndinathyola n'kukawasiyira pakhonde, ndipo ndikhulupirira kuti chiyambire sukulu m'dziko muno palibe mwana anapemphererapo mphunzitsi wake monga ndinachitira ine.

Mwezi unaoneka, a Sakala ali amoyo, mphuno yokha ndiyo inali itasupuka. Atsibweni anandiitana, osandiyang'ana kumaso, n'kunena kuti, "Mawa upite. Koma za kulemerazo ukayeze maungu."

Ndi masentimita omwewo amene andidyetsa moyo wanga wonse muno m'Katete, pa zitseko, mipando ndi madesiki. Ndipo atsibweni atamva kuti ndayamba kukhomanso mabokosi a maliro, anaseka mpaka kutsamwa, amvekere, "Ndinanena ine! Mwana ameneyu ntchitoyi anaiyamba kalekale, anayambira pa ine."

Iwo anakhalitsa, anaika m'manda anzawo onse amene anawathawa tsiku lija, mano n'kutha onse m'kamwa. Koma atadwala matenda otsiriza anandiitanitsa, ndipo ndinawapeza atachepa ngati mwana pamphasa. Analoza kudenga. Bango lija linali pomwepo, lakuda bii ndi mwaye, timizere tanga tikuonekabe. Nyumba anaifolera kangapo konse, koma ilo sanalitaye.

"Asabwere ndi bango lawo anthu aja," anatero. "Ine ndinayezedwa kale, ndipo anandiyeza ndi mwana wanga, kawiri."

Bokosi lawo ndinakhoma ndekha pa muyezo wa tsiku lija, mita imodzi ndi masentimita sikisite, n'kuwonjezera pang'ono monga timachitira. Koma ukalamba unali utawafupikitsa, moti titawagoneka, kumapazi kunatsala malo aakulu ndithu. Ndinachita manyazi, mmisiri wathunthu kulakwitsa bokosi la atsibweni ake, ndipo misozi inandigwera pathabwa. A Nabanda, amene panthawiyo ankayenda chowerama, anasuzumira n'kunena kuti, "Asiye choncho, mwanawe. Ankakonda kudziwongola akagona." M'malo otsalawo tinaikamo bango lija, litathyoledwa pakati.

Ndiye tenga tepiyi, Tamala, uisamale, si chingwe chodumphira. Uziyambira pa ziro, osati pa wani, uziyeza kawiri, ndipo zimene akuphunzitsani kusukulu uzifika nazo kunyumba mogogoda, pakuti pakhomo pali zake zomwe buku silinalembe. Ukafuna kuyeza agogo ako aakazi, uyambe wawadzutsa, uwaimike kukhoma. Kapena yambira pa ine pompano, ndikadali chiimire. Mabvuto, gwira kumapaziko. Werenga mokweza, mwanawe, ulembe bwinobwino, ndipo aphunzitsi akachonga, pepalalo usataye.