Ndolo za Amayi Mumphika wa Kachewere

Tsiku limene Natércia ankakwera kamyao, lole yonyamula anthu, pa Dedza mu 1992 pa ulendo wa ku Lisboa, analumbira kwa mng'ono wake Páscoa kuti mdzukulu wamkazi woyamba adzamuboola makutu ndi dzanja lake, n'kumuveka ndolo zagolide za malemu mayi awo. Ndolozo zinagona zaka makumi atatu ku Lisboa zili m'kampango. Pobwera nazo ku Domwe anapeza mitengo itatha, odziwana nawo ali kumanda, koma mdzukulu Flávia alipo, makutu ali osaboola.

"Iwe Páscoa, singano wawiritsa?"

"Ikuwira, a mana," Páscoa anayankha mkulu wakeyo. "Pamodzi ndi kachewere."

"Ndi kachewere?"

"Nkhuni n'zosowa. Munati iwire, simunati iwire yokha."

Natércia anagwira pachipumi. "Nanga madzi amchere otsukira bala?"

"Mchere ndathira kale momwemo."

"Mayo ine! Dziko lino linapita kuti? Tamvera: munga ayi, kaudzu m'bowo ayi, tindolo tapamsika wa Kalomwe ayi. Timalata timeneto timaoletsa khutu, mwana n'kumayenda ndi ntchentche ngati ng'ombe. M'khutu mumalowa golide, apo ayi chitsulo chakuchipatala. Bweretsa ndolo za amayi."

Páscoa analoza mphika ndi milomo.

"Nazonso?"

"Munati chilichonse cholowa m'khutu chiwire. Chala chokha ndi chimene ndakana."

"Chabwino, golide saopa moto," anatero Natércia, chibwano m'mwamba. "Vuula uone chuma chimene anthu akale ankavala."

Páscoa anapisa chipande. Tinatuluka tizitsulo tiwiri takuda bii, ngati misomali ya khola la nkhumba. Golide yense ankayandama pamwamba pa msuzi.

"Wazitani ndolo za amayi?"

"Ndaziwiritsa."

"Zaka makumi atatu! Ndinagonapo ndi njala m'dziko la eni osazigulitsa!"

"Mwina munachita bwino, akanakusekani. Amayi anazigula pa Kalomwe pomwepa, kwa munthu wogulitsa maloko a njinga."

"Bodza! Amayi anali mkazi waulemu. Sukumbukira mmene ankamangira duku, mpaka kuphimba makutu?"

"Eee, ndikukumbukira. Mafinya a m'makutumo ndinkawapukuta ndine."

Natércia anakhala pansi pa thumba la fetereza.

"Bwanji sunandiuze?"

"Simunafunse, a mana. Kachewereyu tidya, kapena nayenso waipa?"

Loweruka, Flávia anamuboola makutu ndi enifermera, namwino wa pachipatala cha ku Ulongwe, n'kumuveka tindolo tachitsulo. Natércia sanapite nawo.