Diresi la amadamu pa siteji

Achimwene a pa wailesi, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood, kuno ku dziko la eni. Gulu lathu la zisudzo zoimba tinaliyambira m'galaja, Amalawi okhaokha, tikumakumana Lamlungu poti ndilo tsiku lathu lopuma. Chiyambireni ndimasewera ngati bwana wamkazi wolongolola, nditavala diresi lomwe amadamu anga anataya.

Pa chikondwerero chokumbukira tsiku lomwe tinayamba, mnzathu anaitana mabwana athu osatiuza. Ndili mkati moimba, ndinaona amadamu pampando wakutsogolo, akuonerera diresi lawo, kayendedwe kawo, ngakhale kalozedwe kawo ka chala. Holo yonse inkaseka, iwo ayi. Ndinamaliza nyimboyo ndikudziwa kuti ntchito yandithera.

Lolemba m'mawa anandipatsira chipewa. Anati, "Diresi lija ndinkavalira ichi."

Chala chija sanandilozenso nacho mpaka lero.