Che Zubairu Asamba M'manja

Injini ya chigayo cha Che Zubairu pa Nselema itafa, wogulitsa zitsulo wa ku Balaka anati amutumizire chithunzi cha chomwe chasweka, ndiye mkuluyu anaitanitsa Nasiru, mnyamata wojambula maukwati. Chimene sankadziwa n'chakuti m'kamera momwemo, kungodina batani lobwerera m'mbuyo, munali Sumaiya, mwana wa mlongo wawo, atatsamira paphewa la Nasiru kuseri kwa msika, pomwe a kwawo kwa mnyamatayo anali asanabwere kudzafunsira mbeta.

"Kodi kamerayo yadwala?" anafunsa Che Zubairu. "Waivekeranji kajumbo?"

"Ndi girizi, bambo. Ndangosiya kabowo ka diso. Girizi akakhudza galasi ili, akwati onse amatuluka ngati akwatirana m'chifunga."

"Oho. Jambula tsono. Chitsulo chake ndi ichi chili pabenchi, beyaring'i ndi shafuti yake. Amayi akudutsa ndi chimanga kupita kwa anzanga ine ndikuona."

Nasiru anaima patali, nakokera chithunzi pafupi. Tcha!

"Basi ndatha. Tsalani bwino, bambo."

"Watha bwanji ine ndisanaone? Bweretsa."

"Onerani pomwepo." Anatembenuza kamera, mkono ukupita kutsogolo, miyendo ikubwerera m'mbuyo.

Che Zubairu anatsinzina diso limodzi. "Ndikuona donasi."

"Ndi beyaring'i yanu imeneyo."

"Ine maso anga amaona chinthu chikafika pamphuno. Chaka chatha ananditumizira chitsulo cha thirakitala chifukwa cha chithunzi choipa. Patse kuno."

"Iyayi, bambo. Manja anuwo."

Che Zubairu anawayang'ana manja awo. Anali bii mpaka m'zigongono.

"Wanena zoona." Anatola chisanza pansi, napukuta. "Nawa."

"Chisanzacho n'chakuda kuposa manjawo."

"Aaa, zoonadi. Dikira."

Anapita pamgolo wa madzi pakhomo, natapa mchenga, nayamba kukwecha. Nasiru anatembenuka msangamsanga kuti afufute zithunzi zija. Chala chinafika pabatani. Koma mmenemo Sumaiya ankamwetulira, mpango wake wobiriwira ukuuluzika ndi mphepo, ndipo chala chinakana.

"Ndabwera. Taona."

"Mchenga suchotsa girizi, bambo. Umangomubisa."

"Nanga amachoka ndi chiyani?"

"Palafini," anatero Nasiru, poganiza kuti masiku ano palafini angapezeke kuti.

"Ali m'botolo umo. Ndimatsukira zitsulo."

"Muli naye?"

"Wodzaza."

Anathira, natikita, nawaza manja m'mwamba kuti aume. Kenako anawatambasula ngati mwana wopempha switi.

Nasiru ananunkhiza. "Mmm-mm. Fungo."

"Fungo litani?"

"Lilowa m'kamera."

"Kamera ili ndi mphuno?"

"Ili ndi timabowo topumira."

"Si waitsekera m'kajumbo? Ikupuma bwanji?"

"Ikupuma pang'onopang'ono, bambo. N'chifukwa chake ndikuti ndizipita."

"Iyayi, usaiphe. Dikira ndifulumire."

Anatulutsa sopo wochapira. Thovu linafika m'mapewa. Atatsukuluza anathyola ndimu pamtengo wa kuseri, naliduladula, nadzola m'manja monse.

"Nunkhiza tsopano."

"Ndimu."

"Ndimu ndi girizi?"

"Iyayi."

"Patse."

"Zikhadabo."

"Zatani zikhadabo?"

"Taonani mzere wakudawo. Girizi woopsa ndi ameneyo, wobisala. Amadikira munthu aiwale."

Che Zubairu anabweretsa chala pamphuno, nachiyang'ana nthawi yaitali. "Wallahi, alimodi. Iwe mwana uli ndi maso."

Anasolola lezala pamwamba pa chitseko, nakhala pathumba la gaga, nayamba kuwenga.

"Bambo, musavutike. Ine ndingotumiza ku Balaka, inu mukhulupirire."

"Ndinakhulupirira chaka chatha. Chitsulo chija pano ndi mpando wa mlonda."

"Ndiye ndikakusindikizirani papepala, ndibwera nalo mawa."

"Mawa chigayo chikhale chete? Iwe ukufuna Sumaiya azikasinja pamtondo?"

Kamera inadumpha m'manja mwa Nasiru. "Ndani?"

"Sumaiya, wa mlongo wanga. Umamudziwa?"

"Iyayi. Eee. Pang'ono. Kumva chabe."

"Wagwa thukuta."

"Ndi kutentha kwa injini."

"Injini yakufa?"

"Imasunga kutentha mumtima, bambo."

"Oho." Che Zubairu anauzira zala zawo, naimirira. "Zikhadabo zatha. Ngakhale nthata ikandiluma lero ndilibe chokandira. Patse."

Nasiru anayang'ana kudenga, nayang'ana pansi, nayang'ana pamimba pa mkuluyo. "Ovolosi."

"Sindigwira ndi ovolosi. Ndigwira ndi manja."

"Mukaibweretsa pamphuno, chingwe chake chikhudza pachifuwa. Pachifuwa panu pali oyilo wa maboma atatu."

"Ee, apo wandigwira."

Analowa m'kachipinda ka kuseri. Nasiru ananyang'ama kulowera kukhomo.

"Usachoke!" anakuwa ali mkatimo. "Njinga yako ndaimangirira pamtengo. Kuno kuli akuba."

Atatuluka anali mu mkanjo woyera wa Lachisanu, kofia pamutu, ndipo dzanja lililonse analiveka kajumbo katsopano, n'kumanga ndi mphira pamkono.

"Timajumboto ndaganiza ndekha," anatero monyada. "Kamera yavala, inenso ndavala. Tikumana ngati madokotala."

"Bambo..."

"Chatsala n'chiyani? Ndevu? Ndimete?"

"Iyayi, ndevu musamete."

"Nanga?"

"Mpweya wa muno. Muli girizi woyandama."

"Titulukire panja."

"Panja pali fumbi."

"Tiime pakhomo, phazi lina muno, lina panja."

"Batire ikutha."

"Ndiye leka kulongolola." Anasendera pafupi, manja ali m'mwamba kuti asakhudze kanthu, nasuzumira pakamera ili m'manja mwa mwini wake. "Ima kaye. Mng'alu uli kuti?"

"Mng'alu wanji?"

"Pomwe pasweka! Wajambula mbali yabwino. Wa ku Balaka akaona izi adzati chitsulo chanu n'chamoyo, mukufunanji. Mng'alu uli kunsi. Chitembenuze ujambulenso."

"Tembenuzani inu, bambo. Chitsulo n'chanu."

"Ine? Ndi manja awa?" Anawakweza pamwamba kwambiri. "Mchenga, palafini, sopo, ndimu, lezala, ndiye ndikagwirenso girizi? Ukundiyesa wopanda nzeru?"

"Koma inenso sindingagwire. Ndili ndi kamera."

"Ndipatse ndikugwirire."

"Iyayi!"

"Ndiye ikoleke m'khosi."

Nasiru anaikoleka m'khosi. Anatola kamtengo, nakankha chitsulo chija. Sichinasunthe.

"Icho si chitumbuwa. Ikapo mphamvu."

Anaikapo mphamvu. Kamtengo kanathyoka, shafuti inagubuduka, n'kulunjika kumapeto kwa benchi komwe pansi pake panali beseni la oyilo wakale.

"Gwira! Ikagwa ipindika!"

Nasiru anaiwakha ndi manja onse awiri, nawerama nayo chifukwa cha kulemera. Girizi anatuluka pakati pa zala zake ngati phala. Kamera inalendewera pakhosi, ikuvina pamwamba penipeni pa beseni.

"Kamera! Mayo ine, kamera yanga! Bambo, ithandizeni!"

"Ndiigwire?"

"Igwireni!"

"Wanena wekha." Che Zubairu anavula chingwe m'khosi mwa mnyamatayo mosamala ngati akunyamula khanda, nabwerera nayo m'mbuyo.

Nasiru anakweza chitsulo pabenchi, napuma. Kenako anakumbukira.

"Zikomo kwambiri, bambo. Bweretsani."

"Iyayi. Manja akowo."

"Ndipukuta."

"Ndi chisanza chija?"

"Ndikasamba pamgolo, mphindi imodzi."

"Mchenga umangomubisa. Ndinamva kwa katswiri."

"Bambo, ndapota nanu, ingoiikani pathumba apo."

"Pafumbi? Iwe kamerayi suikonda." Anaibweretsa pamphuno. "Kwada bii. Amadina pati?"

"Musadine paliponse!"

"Ndione bwanji donasi wanga?"

"Chabwino, dinani lapakati. Lapakati lokha. Lakumanzere musalikhudze."

"Kumanzere kwanga kapena kwako?"

"Kwanu!"

"Ukunena ili?"

Anadina.

Panja nkhuku inatokosa gaga, n'kuleka. Dontho la oyilo linachoka pachigongono cha Nasiru, n'kugwera m'beseni.

"Iyi si beyaring'i," anatero Che Zubairu.

"Iyayi, bambo."

"Mpango uwu ndinagula ndine pa Idi."

"Ndi wokongola, bambo."

"Sindinafunse." Anadinanso. Anadinanso. "Apa akuseka. Apa akubisa nkhope. Uyu ndi amene umamudziwa mwa kumva chabe?"

"Ndimamva kwambiri, bambo."

"Phewa ili ndi la ndani?"

Nasiru anayang'ana phewa lake ngati akuliona koyamba. "Likufanana ndi langa."

"Ndiye zikhadabo zanga zathera izi?"

"Girizi amaonongadi kamera, bambo. Pamenepo sindinaname."

"Nanga timabowo topumira?"

"Pamenepo ndinaonjezera."

"Mpweya woyandama?"

"Mantha, bambo. Ndimafuna amalume abwere kaye kwa inu mwaulemu, mumve kuchokera pakamwa pa akuluakulu. Sindikusewera naye. Ndikamuona Sumaiya, ngakhale kamera imandilemera."

Che Zubairu anayang'ananso chithunzi chija, ndevu zikugwedera, osadziwika ngati ndi mkwiyo kapena china.

"Nyamula chitsulocho," anatero potsiriza.

"Mundimenya nacho?"

"Ndi mkanjo uwu? Nyamula, mng'alu uloze kuno. Kweza. Usanjenjemere. Amadina lalikulu ili pamwamba?"

"Lomwelo."

Tcha!

Anabweretsa pamphuno, nagwedeza mutu mokhutira. "Ichi ndiye chithunzi. Mng'alu ukuoneka, ndipo wakuba akuonekanso. Ukatumize ku Balaka."

"Ndiye mundipatsa kamera?"

"Tulutsamo chithunzi changa chokha ukayera. Kamera igona kuno. Pa Nselema ponse lero woyenera kuigwira ndine ndekha."

"Bambo, Lamlungu ndili ndi ukwati ku Chikweo!"

"Ndiye amalume ako afulumire. Ukawauze adzaitenge okha Loweruka, tidzakhale pamkeka tione zithunzizi limodzi." Anakoleka kamera pamkanjo wawo woyera, naloza mgolo ndi dzanja lake la m'kajumbo. "Ndipo ukawachenjeze alawirire. Kuno munthu asanagwire chathu amayambira kumchenga."